Kukana Mandasi ku Leiden

Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere. Panalibe kutukwanizana, panalibe kugawana mapoto. Ndinabwera ku Birmingham kudzaphunzira za akaunti, ndipo chaka chachiwiri chili pakati tinayang'anana m'maso, ine ndi maphunzirowo, n'kugwirizana kuti aliyense ayendere yake. Kuyambira pamenepo ndimayendetsa vani yoperekera maphukusi m'makomo, ndipo ku Kings Heath, dera la Birmingham limene ndimakhala, kulibe galu amene sindimudziwa mawu. Koma pali phunziro limodzi limene sindinalepherepo chibadwire, ndilo ulemu. Pa ulemu ndine pulofesa. Ndimadziwa kulandira chinthu ndi manja awiri, ndimadziwa kuyang'ana pansi wamkulu akamayankhula, ndipo koposa zonse ndimadziwa kukana chakudya.

Amene sanakulire kwathu asaseke. Kukana chakudya ndi luso. Ukafika pakhomo pa eni, akakufunsa ngati udye, umati, "Ayi, musavutike, ndadya kumene ndachokera." Eni nyumba amadziwa kuti ukunama, iwenso umadziwa kuti akudziwa. Amakukakamiza, umakananso, koma mofooka pang'ono. Kachitatu umasamba m'manja uku ukuwadandaulira kuti adzivutitsa, n'kunyambita mbale yonse. Wolumphira mbale pa funso loyamba amapatsidwa dzina, ndipo dzinalo limamuperekeza mpaka kumanda.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali pa chibwenzi ndi mtsikana wa ku Dedza amene anali atangobwera kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Nuneaton. Zinthu zitafika poti anthu a kutchalitchi ayamba kutifunsa za tsiku, tinaimbira mayi ake pa foni ya vidiyo. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kapena netiweki inali itangouma, kenako anati, "Ine ndinangobereka. Mwini mbumba ndi mlongo wanga. Akavomera iyeyo, ndavomera." Mlongo wawoyo amakhala ku Leiden, ku Holland. Anachoka kumudzi ine ndikukwawa, ndipo anakwatira mayi wachidatchi.

Munthu sapita yekha kukafunsira mbeta, amatuma amalume ake. Amalume anga enieni ali ku Dowa ndipo pasipoti amangoimva, choncho ndinabwereka ena kutchalitchi, mkulu wa mpingo wokhala ku Stoke-on-Trent. Maviza anatuluka, matikiti tinagula, koma kuntchito kwawo anawaika pa shifiti ya Khirisimasi ndipo panalibe wosinthana naye. Anandiitanira m'galimoto mwawo mapemphero atatha kuti andilange.

"Tamvera, mphwanga. Kumeneko ukupita kukaonekera, osati kukadya. Chilichonse akakupatsa, ukane. Akakufunsa chimene wabwerera, usanene. Uzungulire. Wamkulu ndiye amafukula nkhani pang'onopang'ono ngati mbewa kuuna. Ukangofikira kulavula, aona ngati ndiwe wa m'tauni."

"Ndine wa m'tauni, amalume."

"N'chifukwa chake ndikukuuza."

Bwenzi langa linandipatsa malangizo ake tili m'ndege, ndipo anali aafupi. "Ndatopa kutchedwa mnzako. Tikatera ku Birmingham usanayankhule ndi ankolo, ine ndikwera sitima ya ku Nuneaton, iwe nambala yanga uisiye pa eyapoti pomwepo." Tinali kupita tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, kubwerera Khirisimasi itangotha, chifukwa okalamba a ku Nuneaton sadikira. Ndinamuuza kuti asadandaule, ali ndi katswiri.

Nyumba ya ankolo inali yopapatiza ngati kabati, masitepe ake ngati makwerero okwerera nkhokwe. Ankolowo ndi munthu wamfupi, wa ndevu zotuwa, ndipo Chichewa chawo n'chakale, chopanda dontho la Chingerezi, chonga chimene tinkamva pa wailesi tili ana. Anti ndi mayi wamtali, wansangala, wofunsa mafunso ngati wapolisi koma ndi mtima woyera. Ankayankhula nafe m'Chingerezi. Mawu awo ndiwaika m'chinenero chathu, ngakhale kuti chinenero chathu sichinazolowere kuyenda njira yowongoka chotero.

Anatikhazika pansi, n'kubweretsa khofi ndi chitini cha mabisiketi. Anachitsekula, n'kuchiyendetsa. Bwenzi langa linatenga imodzi. Ankolo anatenga imodzi. Chitafika kwa ine ndinaika dzanja pamtima, ndinapendeketsa mutu monga mwa malamulo.

"Ayi, zikomo, anti. Musavutike. Tadya m'ndege."

"Chabwino," anatero anti, ndipo anatseka chitini.

Sindinayambe ndamvapo phokoso longa limenelo. Chivindikiro chinangoti khwapa, chitini n'kubwerera pamwamba pa kabati. Ndinadikira funso lachiwiri. Ndinamwa khofi pang'onopang'ono kuti ndilipatse mpata. Silinabwere. M'ndege sitinadye kanthu, ndipo m'mimba mwanga munali mutayamba kale msonkhano.

Ndiye anti anandiyang'ana m'maso. "Tiuzeni, mwabwerera chiyani ku Leiden?"

Apa ndiye panali pabwalo panga. Ndinayang'ana pansi, ndinatikita manja. "Aa, palibe chachikulu. Tinangomva kuti kuno magetsi a Khirisimasi amakongola, ndiye ndinati ndimuperekeze mnzangayu, ndidzaone nawo."

Anti anayang'ana amuna awo. Ankolo anayang'ana khofi wawo. Bwenzi langa linandiponda phazi pansi pa tebulo mpaka ndinamva chala chikupemphera.

"Magetsi," anatero anti. "Ndiye muwaona onse."

Mayi ameneyo sanama. Anatibwerekera njinga kwa oyandikana nawo, ndipo tinalowa mumzinda. Holland ndi dziko la akabaza opanda makasitomala. Aliyense ali pa njinga, agogo, azimayi a ana awiri kutsogolo, amuna a masuti, ndipo onse amathamanga ngati akathawitsa wodwala. Ine njinga ndimaidziwa, ndinakulira pa njinga yonyamula makala. Chimene sindinkadziwa ndi mphepo ya kumeneko, imene imachokera kunyanja yaikulu n'kudutsa m'ngalande zawo zija ikunola mipeni. Tisananyamuke anti anandionetsa magolovesi a amuna awo.

"Mukufuna?"

"Ayi, ife kuzizira tinakuzolowera ku Birmingham."

Magolovesi anabwerera m'dirowa.

Tinaona magetsi. Tinawaona pa milatho, tinawaona m'mitengo, tinawaona m'madzi atatembenuzika. Tinaona mphero yakale yoyendera mphepo, itavekedwanso magetsi. Anti ankaima paliponse n'kundiitana, "Bwerani, awa simunawaone." Ine ndinkayamikira ndi mawu onse amene ndili nawo, manja atauma pa chiwongolero moti belu ndinkaliza ndi chigongono.

Pamsika wa Khirisimasi, m'mbali mwa ngalande, panali ngolo yowala imene ankagulitsiramo mandasi. Adatchi ali ndi dzina lawo lalitali la zinthuzo ndipo amakhulupirira kuti anazitulukira okha, koma ine mandasi ndimawadziwa ngakhale atavala shuga woyera. Anali aakulu ngati chibakera, akutuluka kumene m'mafuta, fungo lake likufika mpaka ku Dowa. Anti anatulutsa kachikwama.

"Ndani akufuna?"

Pakamwa panga panayankha pasanandifunse. "Ayi, ine ndili bwino."

Anagula atatu. Ndinaimirira pambali ngati mlonda wa pa banki, anthu atatu akudya. Bwenzi langa linabwera pafupi, shuga ali mbuu pamlomo.

"Apulofesa, zikuyenda?"

"Zili m'dongosolo."

"Ndimafuna ndikubenthulireko, koma ndikuopa kukuonongera ulemu."

"Ungondinunkhizako."

"Nunkhiza magetsi."

Ankolo anamva zonsezo. Ankangotafuna modekha, akundiyang'ana ndi maso a munthu amene akuonera mpira womwe akudziwa kale zigoli zake.

Madzulo mbale ya supu wa nsawawa inaikidwa patsogolo panga popanda funso, ndiye lamulo silinandigwire, ndinadya. Atafunsa za kuwonjezera, ndinakana, poto n'kupita kukhitchini. Ndinakhala ndi ankolo pabalaza kudikira kuti ayambe kufukula nkhani. Anandifunsa za mvula ya ku Dowa. Anandifunsa ngati msewu wina uja anaupaka tala. Kenako anayasamula n'kundifunira mafuno abwino. Mbewa inagona kuuna, wofukula osaoneka.

Tsiku la Khirisimasi masana tinapita ku bwalo la ayisi limene amaliyala pamwamba pa ngalande nyengo imeneyi. Anthu amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi n'kumatsetsereka mozungulira, nyimbo zikulira. Tili pakhomo pa bwalolo panafika mnyamata wina wachidatchi, wamtali ngati pholo la magetsi, mano onse alipo, nsapato zake zili paphewa. Anti anamukumbatira n'kumukokera kwa bwenzi langa.

"Uyu ndi mwana wa mnzanga wa kuntchito, ndi namwino, ndipo sali pabanja. Ndamuitana kuti mudziwane." Kenako analoza ine. "Awa ndi anzake a ku Birmingham. Abwera kudzaona magetsi."

Pholo lija linandigwira chanza mwaulemu n'kundifunsa ngati magetsiwo andisangalatsa. Ndinati kwambiri. Linafunsa bwenzi langa ngati likufuna kuphunzira kutsetsereka. Mwana wa ku Dedza, woleredwa bwino, wa m'kwaya, anayankha pa funso loyamba. "Inde." Anandiyang'ana kamodzi, n'kupereka dzanja.

Ndinatsala pa mpanda ndi ankolo. Tinaonerera awiriwo akuzungulira. Mnyamatayo ankatsetsereka chobwerera m'mbuyo, atagwira manja onse awiri a munthu wanga, ndipo munthu wangayo ankaseka kuseka kumene ine ndimakulipirira ndi nthabwala zanga zabwino kwambiri.

"Mnyamata wabwino," anatero ankolo. "Ali ndi nyumba yakeyake."

"Zikuoneka."

"Ine tsiku loyamba kwa apongozi anga kuno ndinakana chakudya. Ndinagona ndi njala. M'mawa mwake ndinakana kachiwiri, poganiza kuti dzulo anangoiwala." Anakanda ndevu. "Achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nsapato zija amabwereketsa apo. Mukufuna?"

"Ndikufuna."

Mawuwo anatuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri, koma anatuluka.

Za kutsetsereka kwanga ndinene mwachidule, chifukwa anthu ena amakokomeza. Adatchi amaphunzitsa ana awo powapatsa mpando woti azikankha pa ayisi, ndipo ine anandipatsa mpando. Ndinaukankha mwaulemu wonse, ngati mkulu wa mpingo akukonza malo a alendo. Tiana tofika m'mawondo tinkandidutsa uku ndi uku. Cholinga changa chinali kukafika pakati pa bwalo, kukalanda dzanja limene linali langa. Koma ayisi ali ndi maganizo ake. Mpando unayamba kukhota wokha, ine n'kumautsatira, mpaka tinazungulira n'kulunjika kumpanda kumene tinachokera. Pafupi ndi mpandawo mpando unaganiza zopitiriza ulendo wokha. Miyendo yanga inakambirana mwachangu, sinagwirizane, ndipo ndinafika pamaso pa ankolo nditagwada, mawondo onse awiri pansi, manja atagwira mpanda.

Ndinayang'ana m'mwamba. Ankolo anayang'ana pansi. Ndinaona kuti m'moyo wanga wonse sindidzagwadanso bwino chotero, ndipo kunali kulakwa kuononga mpata.

"Amalume," ndinatero, "magetsi ndawaona, ndi abwino. Koma sindinabwerere magetsi. Ndabwera kudzapempha mwana wanu uja ali apoyo. Ndikufuna kumukwatira."

"Tadzukani kaye."

"Sindingathe."

Anthu ankatidutsa, wina anandibwezera mpando wanga. Ankolo anachotsa chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Nkhope yawo inasintha, inakhala ya munthu amene wakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango.

"Mwana wake uti? Ife pakhomo pathu palibe mbeta. Alipoyo ndi khanda, ngakhale madzi a tiyi amapsereza."

Apo ndinaizindikira nyimboyo. Inali nyimbo yanga yomwe, imene ndinakhala ndikuimba chifikire, koma tsopano ikuimbidwa ndi mwini wake. Munthu amene anakhala zaka zonsezo m'dziko lotseka zitini anali atasunga ayi wake wa kumudzi, akudikira wina woti amukakamize. Ndipo pa kukakamiza, abale, ndinaphunzitsidwa ndi azakhali anga, amene mlendo sanatulukepo m'nyumba mwawo ndi lamba womanga pa bowo lomwe anabwera nalo.

Pobwerera kunyumba tinkakankha njinga, ine chifukwa mawondo anali atakana ntchito, ankolo chifukwa chondiperekeza. Azimayi anali patsogolo. Pholo lija linali litatsanzika, mwaulemu womwe uja.

"Amalume, khandalo ndalikonda lomwelo. Tiyi ndizipanga ndekha."

"Nkhani zotere n'zovuta, achimwene. Mwini mwana ali ku Dedza."

"Ku Dedza anati mwini mbumba ali ku Leiden."

"Anatero?"

"Netiweki inali bwino pamenepo."

"Hmm. Tiyeni tikadye kaye."

Chakudya cha Khirisimasi cha Adatchi chimafuna kufotokoza. Amaika chiwaya chamagetsi pakati pa tebulo, aliyense n'kupatsidwa kachiwaya kakekake kakang'ono ngati chikhatho, ndi tinyama todulidwa ngati ta mphaka. Mlendo amadziphikira yekha, pamaso pa eni nyumba. Kwathu mkamwini atagwira chiwaya patsogolo pa akuchikazi tsiku loyamba, nkhani yake ingafike kwa T/A. Koma ine ndinali nditawoloka kale mtsinje. Anti atafunsa amene akufuna soseji, dzanja langa linali m'mwamba funso lisanathe.

Utsi uli tolo, mawindo atachita nthunzi, ndinaika foloko pansi ndipo ndinapempha kachitatu, m'Chichewa, kenako m'Chingerezi kuti anti asatsalire. Bwenzi langa linayang'ana m'kachiwaya kake ngati muli nkhani yofunika kwambiri.

Anti anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye bwanji munati magetsi? Amuna anga anandiuza kuti mukubwera kudzapempha ukwati. Mutanena za magetsi ndinaganiza kuti mwasintha maganizo m'ndege, ndipo ndinamumvera chisoni mwanayu. N'chifukwa chake ndinaitana mnyamata uja."

"Ndi mwambo, anti."

"Mwambo wonena zimene simukufuna?"

"Timazinena kawiri kokha."

Anatembenukira kwa amuna awo. "Ndipo iwe wamuyankha chiyani?"

"Ndakana."

"Chifukwa?"

"Kawiri kokha," anatero ankolo.

Anti anadzuka kukatsekula windo, akuyankhula okha m'chinenero chawo. Ankolo anatembenuza kanyama kawo, ndipo nkhope ya pa mkeka ija inachoka. Anandiyang'ana m'maso, ine ndinayesetsa kusayang'ana pansi.

"Mlongo wanga akuti sukulu munaisiyira panjira."

"Ndinaisiya."

"Mudzabwererako?"

Yankho laulemu ndinkalidziwa. Umati Mulungu akalola, umati tikuganizira chaka chamawa, umati mapepala ali m'njira. Ndinayang'ana bwenzi langa, limene limadziwa bwino kuti mabuku a akaunti ndinachirikizira bedi.

"Ayi. Ndimayendetsa vani, ndimaidziwa ntchito yanga, ndipo ndikufuna kudzakhala ndi mavani anga. Ku koleji sindidzabwerera."

"Ayi ameneyu ndikukakamizeni, kapena ndimusiye?"

"Mumusiye, amalume."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwana uyu ali m'dziko la eni. Kuntchito akamupanikiza, landilodi akamuzunza, sindikufuna mwamuna woima pambali n'kumati tili bwino. Dzulo ndinaona mwamuna wotero, wopanda magolovesi, ndipo ndikanamubweza ndi magetsi ake. Lero ndaona wina." Anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo uja. "Iwe, munthuyu ukumudziwa?"

"Ndimamuona kutchalitchi, ankolo."

"Ukumufuna?"

Ndinaopa kuti naye ayamba mwambo.

"Ndikumufuna. Koma nyama yake ikupserera."

Inalidi ikupserera. Ankolo anatenga foni n'kuimbira ku Dedza pomwepo, ndipo mayi ake a bwenzi langa atayamba kuimba nthungululu, anti anachoka pawindo kudzaona ngati alamu ya moto yalira. Anagwirizana kuti amalume anga a ku Dowa akwere minibasi akaonekere ku Dedza monga mwa dongosolo, chifukwa kugwada pa ayisi, ngakhale kunali kogwira mtima, kumudzi sikuwerengedwa.

M'mawa wonyamuka anti anatsitsa chitini chija. Ndinatenga bisiketi imodzi ndi manja awiri. Ankolo anandipatsa magolovesi aja kuti ndipite nawo, ndipo ndinawavala asanamalize chiganizo.

Titatera ku Birmingham bwenzi langa linakweradi sitima ya ku Nuneaton, chifukwa shifiti inali kudikira. Koma nambala ndinapita nayo ku Kings Heath, ndipo sitimayo isanafike patali foni inalira. Anali iyeyo, kundifunsa ngati mawondo a mwamuna wake akupindika.

Amalume obwereka aja anabwera kudzationa titakwatirana, kudzamva mmene malangizo awo anagwirira ntchito. Ndinawauza kuti anagwira kwambiri. Mkazi wanga anapanga tiyi, osapsereza, ine ndinatsitsa chitini chathu cha mabisiketi n'kuwatsekulira. Anaika dzanja pamtima, anapendeketsa mutu.

"Ayi, mphwanga, musavutike. Ndadya ku Stoke."

Ndinatseka chitini. Mpaka lero kutchalitchi amandipatsa moni ndi dzanja limodzi.